Chipewa cha a Obadiah

Basi inawatsitsa pa Makoni kutada kale. A Obadiah Nkhoma anaima, thumba la zipangizo paphewa. Ku Chitungwiza anali asanapondeko. Nyumba zonse zofanana, ngati mazira a nkhuku imodzi. Anafunsa njira ya ku Unit D. Mayi wina amene ankalongedza tomato wake anawalozera ndi chibwano.

Chitseko anatsegula ndi Doris, mkazi wa Cyprian, mwana wa mlongo wawo. Anagwada, nalandira thumba. Cyprian mwiniwake sanadzuke pampando.

"Ndinakuonani, amalume," anatero Cyprian. "Ndinali mulole, pageti pomwepo."

"Ndiye unaona bwino."

"Ndinakuuzani chinthu chimodzi chokha. Chipewa musavule."

A Obadiah anakhala pansi.

Famu ya ku Mvurwi inali itagulitsidwa. Mwini watsopano ankafuna antchito achoke m'nyumba za pakomboni mwezi usanathe. Mabalani onse a fodya pafamupo anamanga ndi a Obadiah, koma zimenezo sanafunse munthu. Akazi awo a Rosina anali atamanga kale katundu, zidzukulu zikugona pamitolo. Kopita kunalibe. Ku Ntcheu anachokako alibe ndevu, ndipo kuno munthu wobwera analibe munda. Ntchito ndiyo inali nyumba.

Cyprian ankayendetsa lole pakampani ina yomanga ku Harare. Ndiye amene anatumiza uthenga: akufuna amisiri a njerwa, bwerani. Masana a tsikulo a Obadiah anaima pageti pa kampaniyo pakati pa anyamata, chipewa chitatsikira m'makutu. Kalaliki ankayenda mumzere, kuloza ndi cholembera. Anaona mapewa awo. Anaona manja. Anawaloza.

Kenako anawafunsa dzina.

Dzanja linakwera lokha. Moyo wawo wonse, wamkulu pantchito akalankhula, chipewa chinkatsikira pachifuwa. Anawaphunzitsa choncho bambo awo, mafamu n'kudzakhomerera. Imvi zinayera padzuwa. Kalaliki anaseka, cholembera n'kupita kwa wina.

"Endai kumba, mudhara," anatero m'Chishona. Pitani kwanu, nkhalamba.

"Mwana uja," a Obadiah anayamba tsopano, "khoma analiona? Anandipatsa njerwa kuti ndiike? Wandiyeza ndi tsitsi. Tsitsi limagwira matope?"

"Mabwana amati achikulire amadwaladwala. Akuti amachedwa pamakwerero."

"Ndinakunyamula pamapewa awa mayi ako atamwalira. Unachedwa kufika kuti?"

"Si ine ndinaika lamulolo, amalume."

"Koma unakhala mulole. Unayang'ana kumbali."

Cyprian anaweramitsa mutu. "Ndikanatsika, akanadziwa kuti ndinu anga. Mawa tonse tikanakhala panja pa geti."

Doris anabweretsa tiyi ndi buledi. Palibe anakhudza. Anabwerera kuchipinda, n'kutulukanso ndi kachitini m'manja. Anagwada patali pang'ono.

"Amalume, mawa akulembanso kuno ku Seke, kumene akumanga nyumba zatsopano. Kalaliki wake ndi wina. Azibambo ambiri amachita izi, si inu nokha."

Anatsegula. Polishi wakuda wa nsapato.

A Obadiah anayang'ana kachitiniko. Anayang'ana Cyprian.

"Mutu wanga wasanduka nsapato?"

"N'za tsiku limodzi," anatero Cyprian. "Akakulembani, basi."

"Ndiye dzuwa likatentha? Thukuta lakuda kutsika m'masaya, anyamata akuseka? Azungu ankanditchula mnyamata ndili ndi ana anayi. Lero dziko lamasuka, ndagona mnyamata, ndadzuka nkhalamba. Pakati apa ndinali kuti? Ndi liti pamene ndinali munthu woyenera ntchito?"

Kunja agalu ankauwa.

"Agogo a Rosina akudikira, amalume," Doris anatero motsitsa mawu. "Mubwerera ndi chiyani?"

Mawuwo analasa. A Obadiah anakankhira kachitini kumapazi a Cyprian.

"Pukutira nsapato zako. Uzioneka bwino poyang'ana kumbali."

Doris anawayalira pabalaza. Tulo sitinabwere msanga. Chimene chinkawawawa kwambiri sichinali kalaliki, sichinalinso Cyprian. Linali dzanja lawo lomwe. Analiyang'ana mumdima, lokakala, lodziwa ntchito, lopusa. Mawa wina adzafunsanso dzina, ilo lidzakweranso.

Kusanache bwino anali atavala. Doris anawapeza atakhuthula thumba pansi.

"Thumbali mundisungire, apongozi."

"Nanga zipangizo munyamulira m'chiyani?"

"M'manja."

Anakanikiza chipewa mpaka m'makutu. Dzanja lamanja linatenga nyundo. Lamanzere linatenga levulo yoyezera khoma. Anagwira zolimba mpaka mitsempha inatuluka.

Cyprian anatuluka kuchipinda akumanga malaya. Anaona manjawo, n'kumvetsa.

"Ndikuperekezeni, amalume."

"Usandidziwe. Wazolowera kale."

"Akakufunsani zaka?"

"Ndidzanama. Zimenezo mwandiphunzitsa." Anaima pakhomo. "Koma ulemu wanga sadzauona. Sakuuyenera."

Doris anawatsegulira chitseko, poti iwo analibe dzanja lotsegulira. Kunja kunkazizira. Mumsewu anthu anali atayamba kale kuthamangira mabasi a ku Harare. A Obadiah analowera kwina, kumene makoma atsopano ankaonekera m'mbandakucha, chipewa chili pamutu, manja onse odzaza.