Shafi Wasanduka Shaffy Gold

Tsiku limene mlongo wake Shafi anapambana mpikisano woimba wa pa TV, Ajira anavina mpaka chitenje kumasuka. Ndiye anamulera mwanayo mayi awo atamwalira, ndiye ankamuperekeza ku madrasa kwa Mponda komwe anaphunzira kuimba nyimbo zachisilamu za kaswida. Nthawi ya mpikisano anayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti amuvotere pa foni.

Patapita miyezi inayi, nyimbo yoyamba ya Shafi inatuluka. Ajira anaimva masana ali pa benchi yake ya usipa mumsika, ikuphulika m'sipika ya Atumani, wogulitsa machaja a foni.

"Ndani ameneyu akulira ngati mbuzi yomangidwa pakabaza?" anafunsa Ajira.

"Ndi mlongo wanu, amayi," anayankha Atumani akubisa kuseka. "Masiku ano akuti ndi Shaffy Gold."

Ajira anatchera khutu. Liwu lija, limene linkatontholetsa anthu paukwati mpaka azimayi kuiwala miphika, anali atalipinda ndi makina, likungomveka ngati udzudzu m'botolo. Mawu a nyimboyo anali atatu okha: bebi, shuga, Dubai. Dubai! Munthu woti ngakhale ku Mandimba, kungodutsa malire a dziko pa Chiponde pompa, sanapondeko.

Lachisanu Shafi anaimba foni. "Achemwali, mawa tikujambula vidiyo ku loji ina ku Nkopola. Mubwere ndi lichero la usipa."

Ajira anaganiza kuti mwina mwanayo wakumbukira kwawo. Anavala diresi yake ya pa Idi, natenga mnzake Keti.

Anamupeza Shafi atatsamira galimoto yobwereka, nyimbo yake ija ikuphulika m'chisipika pambali pake, tsitsi atalipaka utoto wofiira ngati ndevu za chimanga. Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, iye anali m'chijasi chaubweya, thukuta lili kamukamu. Atsikana atatu a zikhadabo zazitali ankamupepeza ndi makatoni.

Bambo wina wa unyolo m'khosi, Davide, yemwe ankayendetsa zonse, anamuyang'ana Ajira kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, mwatchena kwambiri. Ife tikufuna zakumudzi. Vulani nsapatozo, musenze lichero, muime kumbuyo uko muziseka."

"Kodi ndi ndani amenewa, Shaffy?" anafunsa mmodzi wa atsikana aja.

"Ndi mayi ena ake a kwathu," anatero Shafi, maso ali pa foni. "Amagulitsa nsomba."

Ajira anatula lichero pabonati ya galimoto ija, usipa wina n'kutayikira pagalasi.

"Iwe Shafi, zimitsa chisipikacho. Tandiimbira nyimbo yakoyo ndi pakamwa pako."

"Achemwali, pano tili pantchito..."

"Eya, tsopano ndakhala achemwali? Imba!"

Antchito a pa lojipo anali ataima ndi matsache awo. Shafi anakhosomola, nayamba: "Bebi, bebi, shuga, Dubai." Popanda ng'oma ndi makina, mawuwo anangokhala mbulanda. Anabwereza kachiwiri, kenako anasowa chowonjezera, poti nyimboyo inali yomweyo. Mlonda wa pageti anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Yatha?" anafunsa Ajira. "Zala za anthu a kwa Mponda zinatupa ndi kukuvotera kuti udzatiimbire zimenezi? Ngakhale wondandalika kaunjika amaitana makasitomala ndi mawu ochuluka kuposa apa."

Davide anayamba kukalipa kuti akuwatayira nthawi. Ajira anatola usipa wake umodzi umodzi, namusenzetsa Keti lichero.

Shafi anawathamangira mpaka pageti, chijasi chili m'manja.

"Achemwali, mundimvetse," ananong'ona. "Mawuwo sindinalembe ine. Akuti ndi zimene anthu amafuna."

Ajira anamuyang'ana. Utoto wa m'mutu uja unali utasungunuka, ukutsikira pachipumi.

"Kapukute kumasoko, ukuoneka ngati nkhuku yothawa pa mpeni," anatero. Kenako anaimitsa matola opita ku boma, poti msika unali usanathe.