Foni Yodzutsa Wakufa

Tulo ta Mwandida tinali titasokonekera. Chitsekereni sukulu ya mkaka yomwe ankaphunzitsako ku Chilobwe chifukwa cha mliri, masiku anali ngati madzi a m'chithaphwi, osayenda. Ankagona masana, usiku n'kumawerenga misomali ya kudenga. Lachiwiri ndi Loweruka sizinkasiyana. Pakhomo pa landilodi panali chidebe champopi ndi kasopo komangirira ku chingwe kuti kasabedwe, ndipo anthu a palendi ankapatsana moni ndi maso okha, pamwamba pa masiki. Wina akatsokomola kuseri kwa khoma, nyumba zonse zinkati zii, kumvetsera ngati atsokomolenso.

M'nyumba mwake chinthu chimodzi chokha ndicho chinkasunga nthawi. Faifi koloko m'mawa uliwonse, Mwandida ankapisa dzanja pansi pa pilo n'kutulutsa kafoni ka mabatani, komangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe. Ankaimba, foni n'kuitana kawiri, iye n'kudula. Kenako ankadikira. Pakapita kamphindi, kagalasi ka foniyo kankawala kamodzi, n'kuzima.

Foniyo sinali yake. Inali ya agogo ake aamuna, a Yotamu, mmisiri wokhoma ndowa wa ku Kasinje, amene pamodzi ndi akazi awo a Nangondo anamulera iye mayi ake atamwalira. A Yotamu anabwera ku Blantyre mu Disembala kudzachotsa ng'ala m'diso, n'kufikira kwa mdzukulu wawo. A Nangondo anatsala kumudzi kusamala munda. Makutu awo anatsekeka kalekale, moti munthu ankamumva pomuyang'ana pakamwa, choncho kuyankhulana pa foni kunali kungotaya nthawi. Awiriwo anangopangana zoflashana. Bambo akaflasha kawiri ndiye kuti "ndadzuka." Mayi akaona foni yawala ankabweza kamodzi, kutanthauza "nanenso."

"Mayunitsi ndi a anthu osadziwana, akazanga aang'ono," a Yotamu ankatero akuseka, pomutchula Mwandida monga ankamusereulira kuyambira ali wakhanda. "Ife zaka makumi asanu tili limodzi, tatsala ndi mawu anji oti tigule?"

Mu Januwale mliri unawapeza. Anatsokomola masiku atatu, lachinayi anawatengera ku tenti ya kuchipatala, ndipo sanatulukemonso ndi miyendo yawo. Anawaika kumanda a m'tauni anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mwandida anaimikidwa patali, kuseri kwa mitengo. Panalibe nyimbo, panalibe wogona pa siwa. Amalume ake a Bonifesi, omwe ankagwira ntchito ku Mzuzu, analamula pa foni.

"Amayi ali ndi bipi. Ukawauza chonchi, tiika maliro awiri sabata imodzi. Ukawanyamula ndiwe? Mudzi wonse usamve kanthu. Mliriwu ukazizira tidzapita tonse, tikawauze mwaulemu."

M'mawa mwake, faifi koloko itapitirira pang'ono, kafoni kaja kanawala m'jumbo momwe achipatala anamubwezera katundu wa malemu. Kanawalanso. Kachitatu, kachinayi. Mwandida anaona m'maganizo mwake nkhalamba itakhala pamphasa mumdima, ikuyang'ana kagalasi kosayankha. Chala chake chinadina chokha. Kuchokera tsiku limenelo panali patapita masabata asanu ndi awiri.

Ankadziuza kuti akumvera amalume ake. Koma panali china chimene sankachiulula ngakhale popemphera. Chibwenzi chake, Zondiwe, chinatsekeredwa ku Joni, ndipo mauthenga ake ankangoonetsa timizere tiwiri tabuluu popanda yankho. Pa dziko lonse lapansi, munthu mmodzi yekha ndiye ankamuyankha m'mawa uliwonse osaphonya. Kagalasi kakawala, Mwandida ankakakumbatira pachifuwa, n'kumva ngati alipo amene wagona akumuganizira.

Lachitatu lina, cha m'ma teni, pa foni ya malemu panalowa uthenga wolembedwa. Amene anawalembera a Nangondo anali mayi woyandikana nawo nyumba.

*Akuti chimanga chakhwima, maungu akuola m'munda. Sakuthyola chifukwa choyamba mumathyola ndinu. Akuti mubwera liti, kapena mkazi wamng'onoyo wakudyetsani mankhwala?*

Mwandida anaseka, kusekako n'kuthera m'misozi. Anakhala ndi foniyo m'manja mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako analemba: *Diso silinapole. Ndibwera posachedwa. Undidikire.* Anatumiza.

Masana amenewo mvula inayamba kuwaza pamalata. Mwandida anadziponya pabedi asanadye, ndipo tulo tinamugwira ngati munthu womukokera m'madzi.

Choyamba chinali fungo, fungo la dothi lofiira longokumbidwa kumene, losakanikirana ndi la malata otenthedwa pamoto lomwe silinkachoka m'malaya a agogo ake. Kenako phokoso la mvula linaleka, ngakhale pawindo madontho ankaoneka akugwabe. M'chipindamo munatsala kaphokoso kamodzi, kochepa, ngati ka jumbo ikamapekesedwa pang'onopang'ono.

A Yotamu anali ataima pakhomo. Anali atakulungidwa m'pulasitiki yoyera mpaka m'khosi, thonje likadali pa diso lamanzere. Mapazi awo anali opanda nsapato, matope atakwera mpaka m'mawondo, ngati munthu amene wayenda usiku ndi usana. Sanalowe, komanso sanatuluke. Mpweya wozizira unkachokera kwa iwo n'kumamukwawa Mwandida m'miyendo.

"Agogo, khalani pansi," iye anatero, akuwakankhira mpando.

"Pansi pake pati, Mwandida?"

Anamutchula dzina. Chibadwire chake anali asanawamvepo akumuitana choncho.

"Ndikati ndigone, faifi koloko yakwana, wandidzutsa. Ndikati ndipite, kutsogoloko akundifunsa kuti wakulira ndani, ife sitinamve mfuu. Ndikati ndibwerere, Nangondo wandiyalira mphasa, koma khomo silindilola. Miyendo yatopa."

"Ndimaopa angafe, agogo. Amalume anati..."

"Imfa yake ndi yake. Iwe wamulanda yanga." Diso lotsala lija linamuyang'ana osaphethira. "Ndipo usabisale kumbuyo kwa Bonifesi. Moni uja umakukomera. Si wako."

A Yotamu anapitiriza.

"Lero wandilembetsa kalata. Ine wosadziwa kugwira cholembera, wandinamitsa ndili m'dothi. Pita. Usakanene ndi foni. Akakuone pakamwa."

Pulasitiki ija inalira kamodzi pamene ankatembenuka. Anaona msana wawo wowerama ukuchepa m'kanjira ka pakati pa nyumba za lendi, ndipo sanapite kutali. Anakaima pa chidebe champopi chija, n'kungokhala chiimire, mvula ikuwadutsa.

Anadzidzimuka phokoso la malata litabwerera. Pakhomo panalibe matope, simenti inali youma. Koma mpando unali pakati pa chipinda, pomwe sunkakhala, ndipo miyendo yake inali yozizira ngati waiviika mumtsinje.

Anaimbira amalume ake nthawi yomweyo.

"Maloto?" anatero a Bonifesi. "Iwe mwana wa sukulu ukufuna kupha amayi anga chifukwa cha maloto a masana? Wagona ndi njala, basi."

"Ndikupita mawa, amalume."

"Akakagwa pompo?"

"Mubwera tidzaike. Koma adzapita akudziwa kuti ndi namfedwa."

Mawu a amalume ake anabwera otsika tsopano, osakhala ngati a munthu wolamula uja.

"Anavala chiyani?"

"Pulasitiki."

"Kwa ine sayankhula," anatero a Bonifesi. "Amangoima pakhomo. Kachitatu tsopano." Anapuma mozama. "Pita, mwana wa mlongo wanga. Ine ndilibe nkhope yofikira koyamba. Ndikupeza komweko."

Faifi koloko ya m'mawa mwake inamupeza m'minibasi, atakhala pawindo, mpando wapakati uli wopanda munthu monga lamulo linkanenera. Foni inali m'chikwama pamiyendo pake. Anapinda manja n'kuwakhalira. Patapita mphindi makumi awiri chikwama chinanjenjemera. Chinanjenjemeranso asanafike ku Lunzu. Pofika pa Zalewa anali atawerenga kakhumi ndi kamodzi. Bambo wina wa kumbuyo anamugwira paphewa ndi nsonga ya ambulera.

"Achemwali, muyankheni mwana wa eniyo. Kaya walakwa chiyani, wapepesa mokwana."

Anthu anaseka m'masiki mwawo. Mwandida anayang'ana panja. Atadutsa pa Chingeni foni inaleka, ndipo siinanjenjemerenso. Chete ameneyo anamuopsa kuposa kunjenjemera kuja. Msewu wonse wa ku Kasinje ankangoona nkhalamba ili gone pamphasa, foni ili m'manja, mpaka anatsika minibasi.

Anawapeza ali moyo. Bwalo linali losesedwa mpaka kunjira, mizere ya tsache ikuoneka. Tambala anali womangidwa mwendo pa nsanamira ya nkhokwe. A Nangondo anakhala pakhonde atavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi mpango watsopano wamaluwa achikasu, nkhope ikunyezimira mafuta. Atamuona anaimirira, koma maso awo anamudumpha n'kukafufuza kanjira ka kumbuyo kwake.

"Ndinadziwa ine," anatero mokweza, monga amayankhulira anthu osamva. "Ndinati munthu wosayankhayu ali pa ulendo, akufuna andidzidzimutse ngati mnyamata. Mkazi mnzanga, amuna anga wawasiya kuti? Atsalira pa sitolo kundigulira shuga?"

Mwandida anaima mapazi atatu kuchokera pakhonde, n'kugwada pafumbi. Anayankhula, koma mawu anathera m'nsalu ya masiki.

"Chotsa kansanzako. Ndikumva bwanji pakamwa utatseka?"

Sanachotse msanga. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa chipewa cha agogo ake, magalasi awo, ndi kafoni komangidwa mphira kaja. Anaziyala m'mphepete mwa mphasa, n'kubwerera pomwe anagwada. Kenako anatsitsa masiki, n'kunena pang'onopang'ono kuti milomo iwerengeke.

"Agogo anatisiya."

A Nangondo anayang'ana milomoyo, n'kuyang'ana chipewa. Anakhala pansi mosathamanga. Anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa foni yawo, n'kudina batani lomwe chala chawo chinazolowera. Pamphasa, pakati pa awiriwo, kagalasi kanawala. Anakayang'ana mpaka kanazima. Anadinanso. Kanawalanso.

"Liti?"

"Mu Januwale."

Nkhalamba inawerenga ndi zala, milomo ikugwedera. Zala za dzanja limodzi zinatha, inayamba linalo.

"Nanga wa dzulo uja anali ndani?"

"Ine."

"Wa Lamulungu?"

"Ine."

"Wakuti undidikire?"

Mwandida anaweramitsa mutu.

"Dzutsa nkhope, ndikuone pakamwa."

"Ine, agogo."

A Nangondo anakweza manja n'kumasula mpango wamaluwa uja. Anaupinda bwinobwino, n'kupukuta nawo mafuta kumaso.

"Ndadzola. Ndaseka pa mjigo. Ndatukwana mbuzi za eni, ndadya ndiwo zamchere, ndagona tulo tokoma. Amuna anga ali m'dothi la eni, ine ndikuseka pa mjigo." Mawu awo sanali okwera tsopano. "Tinkakusereula kuti mkazi mnzanga. Kani unali wolanda weniweni. Masabata asanu ndi awiri wawalira wekha, ine amene anandikwatira ndili namwali osandigawirako ngakhale tsiku limodzi."

Anatenga chipewa chija, n'kuchinunkhiza. Apo mpamene mfuu inatuluka, yaitali, yosweka, ya munthu amene sadzimva yekha. Inadutsa nkhokwe, inadutsa chimanga chosathyola, n'kukafika kutsidya kwa dambo. Zitseko zinayamba kutsekuka. Amayi anabwera akumanga zitenje m'njira, abambo n'kukaima pansi pa mtengo wa mango motalikirana. Palibe anafunsa za mtembo. Tambala uja anaphedwa madzulo omwewo, kudyetsa olira.

A Nangondo sanagwe. Analira masiku awiri, a Bonifesi anafika n'kugwada panja mpaka dzuwa kupendeka, ndipo tsiku lachitatu achibale anameta. Masiku onsewo nkhalamba sinamuyankhule Mwandida. Za maloto aja inangomva kwa amayi omwe ankagona nayo m'nyumba.

M'mawa wotsatira maso a Mwandida anatsekuka okha. Kunja kunali mbuu. Dzanja lake linapita pansi pa nsalu yomwe anatsamira, n'kupeza mphasa yokha. Anatuluka.

Agogo ake anali pakhonde, mutu uli mpala, mafoni awiri ali pambali, mabatire atachotsedwa. Pa mbaula panali chimanga chimodzi chachiwisi, choyamba cha m'munda uja. Anachitembenuza kangapo, n'kuchichotsa, n'kuchithyola pakati. Theka analiika pamphasa n'kulikankhira kwa Mwandida, osamuyang'ana. Anadya lawo pang'onopang'ono ndi mano otsala. Atamaliza ndi pamene anatembenuka n'kumuyang'ana pakamwa.

"Abweranso kumaloto?"

"Ayi, agogo."

Nkhalamba inagwedeza mutu, n'kuponya chitsononkho pamoto.

"Ndiye kuti agona. Yenda pang'onopang'ono pakhomo pano."