Dzina la Pansi pa Chishalo

A Hormoz, nkhalamba ya ku Iran ya khomo loyandikana nafe ku Sparkhill, anasiyira amayi pepala limodzi. Amayi ndiwo ankawatsuka zilonda akaweruka kuchipatala. Pepalalo linadulidwa m'buku lakale la ku Perisiya: munthu pa hatchi yoyera, thambo lagolide, mtengo wa makangaza. A Hormoz ankati wojambula anabisa dzina lake pansi pa chishalo, m'tizilembo tosaoneka ndi maso wamba, koma akatswiri sankawamvera iwo, dalaivala wa taxi chabe.

"Felista, dzinalo lidziwike," a Hormoz anawapempha amayi m'sabata yomaliza ya moyo wawo.

Ntchitoyo ndinaitenga ine. Miyezi isanu ndi iwiri ndili mu laibulale, ndikudziphunzitsa za mapepala ndi utoto, ndikulemba makalata. Anayankha katswiri mmodzi yekha, Dr Mabel wa ku Selly Oak.

M'mawa wopita kumeneko amayi anatulutsa envulopu akumwetulira. Pepala lija linali phuliphuli m'pulasitiki, louma gwa.

"Amayi, mwatani apa?"

"Ndakalamineta ku Stratford Road. Damp ya m'nyumba muno sukuiona, chinyezi chonsechi? Ma certificate ako onse ndinatero, si awo alipo mpaka lero?"

Dr Mabel anaika pepalalo pansi pa galasi lokuza zinthu, n'kupukusa mutu. Makina otentha olaminetera anali atamata inki ya dzinalo ku pulasitiki, yasanduka banga. Kusenda kukanachotsa utoto wonse. Pepalalo sakanathanso kuliyerekeza ndi masamba ena a bukulo.

"Ndani wachita zoterezi?" anafunsa m'Chingerezi, mawu ake ngati akukalipira mwana.

Amayi anawerama, manja pamiyendo. Mtima wanga unawira.

"Funsani amene sanayankhe makalata a a Hormoz zaka makumi atatu! Nthawi yonseyo pepalali linalibe pulasitiki. Munali kuti?"

"Deliwe, ulemu," anandinong'oneza amayi.

Dr Mabel sanatsutse. Anatenga fomu n'kulemba mawu awiri: wojambula wosadziwika.

M'sitima amayi anafungatira envulopu pachifuwa. Ndinkafuna kuwakalipira, koma ndikayang'ana zala zawo zong'aluka ndi sopo wa kuchipatala, ndinkatembenukira ku zenera.

Titayandikira siteshoni ya New Street amayi anayankhula osandiyang'ana.

"Ndinkangofuna lisanyowe, mwanangu. Nanga kumanda kuja a Hormoz ndikawauza chiyani?"