Zingwe Zazifupi za a Voliyumu

Mumsewu monse ankawatcha a Voliyumu, ndipo dzinalo silinangobwera ndi mphepo. Pabalaza pawo panali ampulifaya, choimbira zimbale ndi chisipika cha besi, zonse zosiyidwa ndi malemu achimwene awo. Chipumireni pa ntchito yoyendetsa basi, bambowa ankakhala pamenepo masana onse, maso ali chitsinzinire, phazi likugunda pansi. Pa katundu yense wa malemuwo, iwo anapempha zimenezi zokha.

Vuto linali zingwe zamagetsi. Zinali zitatu, zazitali zoti nkuyanikapo zovala za banja lonse, ndipo zinkatuluka kuseri kwa kabati nkudzapiringizana pansi, pafupi ndi makina osokera a akazi awo. Lachiwiri mayiwo anakodwa pa chimodzi atanyamula simbi yotentha. Simbiyo inapulumuka koma bondo linatupa.

"Bambo, ndimvereni bwino," anatero mayiwo akudzitikita. "Loweruka mwana wanu akubwera ndi khanda, ndipo paja layamba kukwawa, chilichonse likuika mkamwa. Likadzapeza zinjoka zanuzi zili pansi, zoimbira zonsezi zikagona kuchipinda chosungira katundu, pamodzi ndi njinga yakufa ija."

A Voliyumu anakwiya mpaka anasiya kuyankhula. Koma ankawadziwa akazi awo, sankaopseza za bodza. Kuchipinda kumene ankanenako kunkadontha, ndipo makoswe akumeneko anali atamaliza kale chishalo cha njinga.

Lachinayi m'mawa anaganiza zokagula zingwe zazifupi. Tsono kuyeza. Tepi m'nyumbamo inalipo imodzi yokha, ndipo inkakhala m'khosi mwa mayi. Munthu woti mwanyanyalitsana naye nkukamupempha tepi? Ayi ndithu. Mayi atapita kubafa, bambo anapisa dzanja m'bokosi la zosokera nkusololamo kachingwe koyera. Anakapanikiza pasoketi ndi chala, anakakoka mpaka kuseri kwa ampulifaya, nkumanga mfundo. Kanali lasitiki, koma munthu wokwiya saona zimenezo.

M'sitolo yoyamba wogulitsa anawatulutsira chingwe chonenepa ngati mchira wa ng'ombe, cha mapulagi onyezimira.

"Ichi, bwana, besi yake imamveka mpaka m'mafupa. Magetsi amafika atasefedwa."

"Atasefedwa? Ndi ufa kodi?" anafunsa a Voliyumu. Atamva mtengo wake anatuluka osatsanzika.

M'sitolo yachiwiri munali zotsika mtengo, koma zonse zazitali ngati zakunyumba zija. "Mukangopinda nkumanga ndi kawaya," anatero mwini wake osadzutsa nkomwe mutu pafoni. Yachitatu inali yotseka. Dzuwa linali litafika paliwombo, nsapato yakumanzere ikuwaluma, ndipo anayamba kutukwana chamumtima aliyense amene anayambitsa magetsi.

Anazipeza kukasitolo kothinana, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mawotchi. Mayi wogulitsamo anatenga muyezo wawo uja, anauyala pathebulo, nkuuyerekeza ndi zingwe zake.

"Theka la mita ndiye likufanana ndi mfundo yanuyi. Koma bambo, mwayeza bwino? Tengani za mita imodzi, kutsalako pang'ono sikupweteka."

"Mayi, ine ndayendetsa basi zaka makumi atatu osakhudza galasi la munthu. Ndilephere kuyeza khoma la m'nyumba mwanga?"

"Chabwino. Kungoti mukang'amba pepala lake sitilandiranso."

Anagula zitatu, pamtengo woti mtima unakhala m'malo, ndipo kunyumba anafika akuimba mluzu. Anang'amba mapepala onse atatu nthawi imodzi, anazula zingwe zakale nkuziponya pakhomo mwamatama kuti mayi aone. Kenako anagwada kuseri kwa kabati, analumikiza chatsopano ku ampulifaya, nkulunjika nacho kusoketi.

Pulagi inaima m'malere. Panatsala mpata wokwana chikhatho chimodzi ndi theka.

Anakoka, ampulifaya inasendera kumphepete kwa kabati ngati igwe. Anayesa chachiwiri, chimodzimodzi. Anayesa ngakhale chachitatu, ngati kuti icho chinakula panjira. Thukuta linatsikira m'maso. Kukankha kabati kukanatheka, koma mbali ya soketiyo kunali thebulo la makina, pansi pa zenera, pamalo pamene mayi anakhala akusokera chilowereni m'nyumbamo chifukwa mpokhapo pamene pamafika kuwala.

Makina a mayi anasiya kulira.

"Munayeza ndi chiyani?"

Bambo anatulutsa kachingwe kaja m'thumba osacheuka. Mayi anakalandira, anakakoka, kanatalika. Anakasiya, kanabwerera. Anateronso kachiwiri, pang'onopang'ono, kuti phunziro lilowe.

"Lasitiki ya siketi ya kasitomala. Ndaifuna m'mawa wonse." Anagwira tepi ya m'khosi mwawo. "Nanga iyi mumaiona ngati mkanda? Safunsa anadya phula, bambo."

A Voliyumu anakhala pansi, msana kukhoma, pulagi ili m'manja. Mkwiyo unali utawathera, kunangotsala manyazi ndi chisoni. Anayang'ana ampulifaya ija, pakona pamene utoto unafufutika ndi chala cha achimwene awo, ndipo anayamba kuganiza za pulasitiki yoti akaikutire kuti madzi akudontha asaipeze.

"Mawa ndizichotsa," anatero ndi mawu otsika.

Mayi anavula tepi ija, anawerama movutikira chifukwa cha bondo, nkuyeza kuchokera papulagi kufika pasoketi. Anayezanso thebulo lawo ndi zenera. Anapukusa mutu, anatsonya, nkuyamba kuchotsa nsalu ndi mabobini pathebulopo.

"Gwirani uko."

"Nanga kuwala? Singano muziiona bwanji?"

"Theka la zenera likwana. Alamu anga sangakagone ndi makoswe chifukwa choti mng'ono wawo sadziwa lasitiki. Gwirani, ndisanasinthe maganizo."

Anasuntha thebulo, anakankha kabati, pulagi zonse zitatu zinalowa, pansi osatsala chingwe chokwawa. Kanyali ka ampulifaya kanayaka. A Voliyumu anatambasula dzanja kuti akweze monga mwa masiku onse, koma anaona akazi awo atapendeketsa mutu mumthunzi wa khoma, akulowetsa ulusi pasingano kachitatu osalowa. Dzanja lija linabwerera, ndipo tsiku limenelo oyandikana nawo sanamve kanthu.