Nyimbo Yachinayi pa Chimbale cha Davie

Chaka chimene mawu anga anatha, mpunga wa pa puloti yathu ku sikimu ya Likangala unabereka ngati ukundinyoza. Ngala zinali zitangoyamba mkaka, ndipo mpheta zinali zitadziwa kale. Amene sanalimepo mpunga ndimuchenjeze: mpheta zikapeza puloti yopanda munthu masiku atatu okha, mudzakolola mankhusu.

Zaka zonse ndinkaingitsa ndekha. Kukacha ndili kale pachisakasa, kukuwa ndi kukoka chingwe cha zitini mpaka dzuwa kupendeka. Koma chaka chimenecho chifuwa chinandigwira mu Malichi n'kundisiyira mawu ngati a bakha. Ndikati "Haaa!" mpheta zinkangondiyang'ana. Mkono nawo unali utayamba nyamakazi, sukanatha kukoka chingwe tsiku lonse.

Pakhomo tinalipo awiri, ine ndi mdzukulu wanga Sharon, mwana wa malemu mwana wanga Davie. Anali Folomu 4, mayeso ali pafupi.

"Anganga, ndijomba masabata atatu okha," anatero tikusenda chinangwa. "Manotsi ndidzakopera kwa mnzanga Brenda."

"Ujomba uli pakhomo pa yani? Ine sukulu ndinaionera pawindo chifukwa cha mbalame zomwezi. Bambo anga anatinso masabata atatu okha. Ndi ano masabata atatuwo, taona imvi."

"Ndiye chaka chino tidya chiyani?"

Ndinapitiriza kusenda chinangwa.

M'mawa mwake ndinamuona akutuluka m'nyumba ndi chinthu chimene ndinabisa ndekha. Davie pobwera ku Joni, atadwala kale, anabwera ndi sipika yakuda, kasola kotchajira, ndi memole khadi yokhala ndi chimbale chimodzi cha azungu. Ankati ndi thirashi metulo, nyimbo zakalekale zimene anaziimba iye asanabadwe. Ine ndinkangomva phokoso la anthu okwiya. Titamuika m'manda ndinazikulunga m'chitenje n'kuziponya pansi pa sutikesi. Sharon ndinamuuza kuti asadzazigwire, zimagonthetsa makutu, ndipo ndani akudziwa zimene anthuwo amaitana akamakuwa choncho.

"Unazipeza liti?"

"Chaka chatha."

"Umamvera?"

"Mukapita ku Mvano."

Ndinafuna kukalipa, koma mawu ake ati? Anazinyamula mpaka kumunda, namangirira sipika pansungwi pakati pa puloti, kasola n'kukayang'anitsa kudzuwa.

"Mudina apa kamodzi, anganga. Nyimbo zilipo zisanu ndi zitatu. Zikatha ziyambiranso zokha."

"Chikandigwira magetsi?"

"Sichigwira."

"Chikaitana mphenzi?"

"Mu Meyi?"

Anadina yekha n'kuthamangira kusukulu. Ndinamukuwira ndi timawu tanga kuti asadutse m'ngalande, muli likodzo, ndipo pamsewu asamale njinga zamoto. Sanamve. Gitala anali atayamba.

Anayamba mwaulemu, ngati mlendo woodira pakhomo. Ndinati kani ndi zimenezi? Kenako, mayo ine! Ng'oma zinagwa ngati matalala padenga la malata. Mpheta zinadzuka zonse pamodzi, mtambo wathunthu, n'kulunjika kunyanja. Ine ndinapezeka ndagwira mtengo wa chisakasa ndi manja awiri, ndikutchula dzina la Yesu.

Che Rashidi, amene puloti yawo inagundana ndi yathu, anabwera akuthamanga, legeni ili m'manja.

"Amake Davie! Mwabweretsa chigayo kumunda?"

"Ndi nyimbo, Che Rashidi."

"Woimbayo akumupha ndani?"

"Musayandikire, mugontha. Zaka zanuzo makutu sabwerera."

Anayang'ana puloti yawo. Nayonso inalibe mbalame ngakhale imodzi. Anakanda ndevu, nati, "Mwina mukweze pang'ono."

Munthu ukakhala ndi chinthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo umachidziwa, ungachikonde usachikonde. Pofika Lachitatu ndinkadziwa nyimbo iliyonse ikangoyamba. Yoyamba ndi yachiwiri ndi zaukali weniweni. Woimba ng'omayo satopa, ndinkamumvera chisoni mayi ake pomudyetsa. Ndipo anyamatawo amamverana, zimenezo ndivomere. Amathamanga onse pamodzi n'kuima onse pamodzi, phuu, ngati amayi anayi osinja mumtondo umodzi popanda misi kugundana. Kuima kwadzidzidziko ndiye kunkazunguza mpheta. Zikati kwatha titere, ng'oma zija zabweranso.

Koma mawu a woimbayo ayi. Kwaya yathu sangamulandire. Amakuwa ngati munthu wotsalira padoko bwato la ku chilumba cha Chisi litanyamuka. Yachisanu ndi chimodzi ndiye yaulesi, amangobwereza chinthu chomwecho mpaka mpheta zolimba mtima zinkatera kumapeto kwa puloti n'kumagwedeza mitu ngati zikuvomereza. Yomaliza ndi yabwino koma imatalika ngati ulaliki wa mlendo. Akanandifunsa ine, ndikanati adule pakati.

Vuto lenileni linali yachinayi. Imeneyo ng'oma zimapuma. Gitala amalira yekha pang'onopang'ono, woimba uja n'kutsitsa mawu ngati wachita manyazi. Ukali umabwera kumapeto kokha. Ikangoyamba, mpheta zinkabwerera ngati zaitanidwa ku ukwati. Masiku awiri oyamba ndinkaitukwana ndikukoka chingwe, osaimvera n'komwe chifukwa cha zitini.

Tsiku lachitatu mkono unakana. Ndinakhala pansi, chingwe chili pamwendo, ndipo kwa nthawi yoyamba nyimboyo ndinaimva bwinobwino.

Ndinaidziwa.

Miyezi yake yomaliza Davie ankagona pamkeka pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Mphamvu zoyatsa sipika analibenso, kapena ankaopa kundikwiyitsa. Ankangoimba mluzu, kanyimbo kamodzi komweko, kokwera katatu n'kutsika kamodzi. Ine ndinkati ndi ya kutchalitchi cha ku Joni. Ndinkasangalala mumtima kuti mwana wanga wasiya zaphokoso, akukonzekera ulendo wake. Ndinkamupaka mafuta kumapazi iye akuimba. Sindinamufunse. Kani inali yomweyi, yochokera m'chimbale chimene ndinachibisa ngati mankhwala a makoswe.

Mpheta zinatera pakona ya kummawa. Ndinaziona ndi maso angawa. Sindinadzuke. Nyimboyo inabweranso kasanu ndi kawiri tsiku limenelo, ndipo kasanu ndi kawiri konse ndinakhala pansi. Mawa lakenso chimodzimodzi.

Loweruka Sharon anabwera kumunda. Anayenda m'mbali mwa ngalande, nafika pakona ija, nanyamula ngala. Zinali zoyera, zopepuka.

"Anganga, apa pachitika chiyani?"

"Mbalame."

"Sipika inazima?"

Che Rashidi, amene sadziwa kusunga pakamwa, anayankha ali kwawo. "Ndi yachinayi ija, mwanangu. Ikayamba, anganga akowa amakhala ngati ali pa mapemphero. Mpheta zimachita kubwera ndi alamu awo."

Sharon anamasula sipika pansungwi. "Ndikaika khadi mufoni ya Brenda, tiichotsa. Zitsala zisanu ndi ziwiri zaukali zokhazokha."

"Usachotse."

"Ndiye Lolemba sindipita kusukulu. Sankhani, anganga. Simungataye mpunga chifukwa cha nyimbo imene mumati ndi ya ziwanda."

 Ndinangosonkhanitsa milomo. Mawu anatha koma mluzu unalipo, wa nkhalamba, wotuluka ndi mphepo yambiri. Kukwera katatu, kutsika kamodzi.

Mwanayo anaima chilili, sipika ili pachifuwa.

"Mumaidziwa?"

"Bambo ako ankaimba pansi pa mango. Iwe unali kusukulu."

"Ine ankandiimbira pa foni ali ku Joni," anatero motsitsa. "Ndili Sitandade 3. Ankati ndikamaopa mayeso ndiziimba mumtima." Anapukuta mphuno ndi mkono, khalidwe limene ndamuletsa kuyambira ali wamng'ono. "Ndinkaganiza kuti ndikakuuzani mukaiponya sipikayi m'nyanja."

"Ndikanaiponyadi," ndinavomera.

Tinakhala pachisakasa tonse awiri. Kenako ndinati, "Tamvera. Nyimboyi kutalika kwake n'chimodzimodzi kuwiritsa madzi a tiyi. Mkono wangawu tsiku lonse sungathe, koma zinazo zikamagwira ntchito uzipuma. Yachinayi ikafika ndizikoka."

"Mukamakoka zitini simuimva."

"Ndaimva kale. Ndikungofuna izikhalapo."

Che Rashidi anatsokomola. Anali atafika pafupi osaitanidwa, monga mwa masiku onse.

"Mwanangu, nyimbo zisanu ndi ziwiri za bambo ako zikundilondera mpunga ine ndili khale. Imodziyo ndisiyireni. Ndizikuwa ine, mawu ndili nawo, akazi anga angachitire umboni. Koma amake Davie, nthawi ya swala muzindizimitsirako chigayochi. Dzulo ndinalakwitsa kawiri."

"Mukamaswali mbalame aziona ndani?"

"Inu ndi zitini zanu."

Tinatero. Yachinayi ikayamba, Che Rashidi ankayenda m'malire akukuwa ndi kuponya legeni chakutali, kuti asandisokoneze. Dzuwa likafika pamutu ndinkadina batani, iwo n'kuyala kamkeka kawo, ine n'kumakoka chingwe mpaka amalize. Kona ya kummawa sinabwererenso. Kwinako tinamweta mu Juni, ngala zolemera bwino. Sharon sanajombe ngakhale tsiku limodzi.

M'mawa wa pepala loyamba ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Ndinamuuza kuti asabwereke cholembera cha munthu, asadye chilichonse chopatsidwa panjira, asakhale pafupi ndi windo kuopa chimfine, akaona njinga yamoto apatukire kutali.

"Ndamva, anganga."

"Sunamve. Bwereza."

Anaseka, nandikonza duku limene linapendekeka, nanyamuka. Atafika pa mlatho wa ngalande ndinamva mluzu. Mtsikana saimba mluzu pamsewu, anthu amanena. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuletse, kenako ndinatseka, ndinaimirira pomwepo mpaka anakhota.