Mazira Ataundana ku Kelvin

M'mawa wina mu Juni, mazira onse m'chipinda chozizira cha fakitale ina ku Kelvin, dera la mafakitale mu mzinda wa Bulawayo, anapezeka ataundana gwa, ena atang'ambika. Bwana Jameson sanadzivutitse n'kuganiza. Analoza Che Hamidi, mkulu woyang'anira chipindacho, nati anaseweretsa makina, nawachotsa ntchito pomwepo. Tsono mudziwe kuti nyumba ya Che Hamidi ku lokeshoni ya Tshabalala inali ya kampani. Ntchito ikatha, denga nalo lapita.

Mwana wawo Subira ndiye ankasamalira kompyuta yoyendetsa makinawo. Mzungu amene analemba mapulogalamu ake anathawira ku Joni ufulu wa dziko lino utangobwera, osatsanzika n'komwe.

"Baba, munakhudza chilichonse?" anafunsa Subira.

"Hawu, mntanami, mwana wanga! Bokosi lako lija ndimaliopa ngati njoka."

Subira mtima unamuwawa, koma kulira sikukanathandiza. Anatenga ndowa ya ayezi, nathiramo mchere, naviikamo kachipangizo koyezera kutentha. Manambala pa kompyuta anayamba kutsika: thuu, wanu, ziro. Kenaka mwadzidzidzi, 255!

Apo ndiye panali njoka yeniyeni. Kapulogalamu kolumikiza kompyuta ndi choyezeracho kankasunga nambala mu mtundu wosadziwa kuti pansi pa ziro palinso manambala. Chisanu chitatsitsa chipinda pansi pa ziro, kompyuta inazungulira n'kutulukira pamwamba penipeni. Inaganiza kuti mazira akupsa, n'kuyatsa makina onse oziziritsa. Mzungu uja ankayesa kuti ku Africa kuno sikuzizira, ngati kuti sanagonepo mu Bulawayo muno mu Juni!

Subira anasintha mtundu wa nambalayo kukhala wolola chizindikiro cha kuchotsera. Anafufuzanso napeza cholakwika chomwecho pamzere woyerekeza kutentha ndi malire, nakonzanso. Kenaka anaitana bwana, namuonetsa pulogalamu yakale ndi yatsopano pa ndowa imodzimodziyo. Yatsopano inatsika pansi pa ziro mwaulemu, makina ali zii.

Jameson anakanda m'mutu. Pepani sanatuluke m'kamwa mwake, mabwana ena ali choncho. Anangoti, "Madala abwerere ku ntchito."

Subira atafika ku Tshabalala anapeza mayi ake, Saida, atamanga kale mitolo, makoma ali mbee.

"Masulani, mama. Sitikupita kulikonse."

Saida anangokhala pamwamba pa mtolo, misozi ili chuchuchu, uku akuseka. Che Hamidi anati alihamudulila motsitsa mawu, kuthokoza Mulungu. Kenaka anatulutsa m'thumba msomali wopachikapo mkeka wawo wopempherera, umene anali atazula kale, naukhomeranso pa bowo lake lomwelo.