Kandege pa Chithunzi cha Kohaku

Kohaku anali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, koma pa tsamba la pa intaneti la nyumba ya Shirasagi anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ankakwanitsa zaka zomwezo chaka ndi chaka popanda womufunsa. Dzinalo nalonso linali la pantchito. Lenilenilo ankalivula pakhomo pamodzi ndi nsapato, n'kulivalanso madzulo poweruka.

Shirasagi inali imodzi mwa nyumba zosambitsa amuna za ku Yoshiwara, dera la zachisembwere mumzinda wa Tokyo, nyumba yakalekale, makapeti ake akununkha sopo ndi fodya wa anthu amene ena mwa iwo anamwalira kale. Kohaku ankagwira m'mawa, nthawi ya mtengo wotsika, pamene kumabwera madala a penshoni ndi anthu oweruka ku ntchito za usiku. Kale ankachita kumulimbirana. Masiku ano madala omwewo ankatsegula buku la zithunzi, n'kumudumpha ngati sakumudziwa, n'kuloza kamtsikana kamene kangofika kumene kuchokera ku Akita. Iye ankangokhala m'chipinda chodikirira, bulangete m'miyendo, kupera tiyi, monga amanenera m'nyumba zimenezi za mkazi amene tsiku lamuthera osaitanidwa. Tiyi amene Kohaku anapera chaka chimenecho akanakwana kumwetsa Tokyo yense.

Anatsala ndi munthu mmodzi yekha womuitana ndi dzina. A Sagara, amene ankayendetsa basi asanapume pantchito, akazi awo anamwalira, mwana wawo anali ku Sendai ndipo foni yake inkaoneka kuti imangolandira. Ankabwera tsiku limene penshoni yatuluka, mwezi uno inde mwezi wamawa ayi, kwa zaka khumi ndi chimodzi osaphonya. Ankafika atanyamula timakeke ta nyemba zotsekemera ta ku Asakusa, tidakali tofunda. Zaka zomalizazi nthawi zambiri ankangofuna kusambitsidwa, kukhulidwa kumsana, kenako n'kugona chagada kudandaula za mawondo, za oyendetsa basi amakono osadziwa kuima bwino pa siteji, za mwana wa ku Sendai uja. Kohaku ankamvetsera. Ankadziwa dzina la dokotala wawo, ankadziwa tsiku limene akazi awo anamwalira, ndipo tiyi wa balere amene iwo ankakonda ankagula ndi ndalama yake.

Pantchito imeneyi mkazi wanzeru saika mtima pa kasitomala, ndipo Kohaku anawalangizapo atsikana ambiri zimenezo. Koma iye mwini, chamumtima, ankakhulupirira kuti a Sagara amabwerera iyeyo, osati madzi otentha okha. Sanauzepo munthu. Chinali chinthu chokhacho chimene ankachisunga m'nyumba monsemo, ndipo ankachita nacho manyazi.

Tsiku lina a Kurosu, bwana wa nyumbayo, anamuitanira mu kaofesi kawo kuseri kwa kauntala. A Kurosu anali munthu wa suti yakuda ndi mawu ofewa, amene akafuna kukuchotsa ntchito ankayamba wakufunsa za thanzi lako. Anamufunsadi za msana. Kenako anayamba kufotokoza zoti ndalama ya yeni yagwa mphamvu, alendo akunja adzaza Asakusa mpaka munthu kusowa popondera, ndipo nyumba zina za mumsewu womwewo zinayamba kale kuwalandira. Shirasagi nayo itsegula chitseko. Mlendo wakunja azilipira kuwirikiza kawiri mtengo wa munthu wamba. Mkazi wovomera kulandira alendo amuikira kandege kakang'ono pambali pa chithunzi chake, pa intaneti ndi m'buku lomwe, kuti mlendo asavutike kufunsa. Palibe wokakamizidwa, anatero a Kurosu. Kungoti zipinda n'zochepa, ndipo chipinda chokhala chozizira tsiku lonse mwini nyumba sachikonda.

"Nanga gawo langa likwera bwanji?" anafunsa Kohaku.

"Gawo lanu ndi lomwe lija, achemwali. Chowonjezeracho ndi cha vuto."

"Vuto lake la ndani?"

"La nyumba," anatero a Kurosu, osaphethira n'komwe.

Vuto la nyumba linali pepala limodzi la malamulo lomasuliridwa m'Chingerezi, Chitchaina ndi Chikoreya, limene analimata m'pulasitiki n'kuliika pa kauntala. Kohaku sanatsutse. Zoti ndalama imathera pansi pamasitepe osakwera kumwamba anazizolowera kalekale. Chimene chinamulasa mtima chinali kandegeko.

Aliyense ku Yoshiwara ankadziwa khalidwe la makasitomala akale. Mkazi angalandire amuna asanu pa tsiku, iwo alibe nazo kanthu, amangoti ndi ntchito. Koma akangomva kuti mmodzi mwa asanuwo anatsika ndege, amakwinya nkhope ngati wina wamwera m'kapu yawo. Rinka, mtsikana wa chipinda choyandikana amene anavomera kandege sabata yoyamba, anataya makasitomala atatu mwezi usanathe. Mmodzi anachita kumulembera uthenga wautali womutsanzika, wodzaza ndi ulemu, ngati kuti mtsikanayo wamwalira.

"Asisi, madala anu aja akakaona akomoka," anatero Rinka akupenta zikhadabo. "Muwauze a Kurosu asungiretu nambala ya ambulansi."

Kohaku anaseka nawo, chifukwa pamenepo panalibe china chochita. Anabwerera kwa a Kurosu kukapempha kuti kandegeko akaike pa intaneti pokha, poti a Sagara intaneti ankaiopa ngati njoka, m'buku la m'chipinda cha makasitomala asakaike. A Kurosu anapepesa mpaka kuwerama, n'kunena kuti akachitira mmodzi ndiye kuti achitira onse. Madzulo a tsiku lomwelo kandege kabuluu kanali katamatidwa pambali pa nkhope yake ya zaka khumi ndi zisanu zapitazo.

Mlendo woyamba anali mzungu wa ku Kanada, wamtali mpaka kuwerama pakhomo, wopepesa pa chilichonse. Kohaku atamugwadira pansi pa masitepe monga mwa mwambo, iye naye anafuna kugwada, anthu awiri n'kutsala pang'ono kugundana mitu. M'chipinda analowa ndi masilipasi mpaka pamalo osambira. Atamuuza ndi manja kuti akhale pa kampando, anakana, n'kutenga sopo kuyamba kudzisambitsa yekha mofulumira ngati mwana wochedwa kusukulu, kuti asamuvutitse. Kohaku anaima ndi thaulo m'manja, ntchito yake ikugwiridwa ndi kasitomala. Ankalankhulana kudzera pa foni, imene inkamasulira mawu awo ndi liwu la mtsikana wosangalala nthawi zonse. Foniyo inamuuza kuti ndi wokongola. Inamufunsanso ngati ali pamenepo mwa kufuna kwake. Kohaku anayankha kuti inde, poti funso limenelo silikwana pa foni.

Nthawi itatha mzunguyo anatulutsa ndalama zina n'kumupatsira m'manja. Lamulo la Shirasagi silinkalola, ndipo a Kurosu anali ndi makutu m'makoma. Kohaku anazibweza ndi manja awiri, akuwerama. Munthuyo anakhumudwa, akuganiza kuti zachepa, n'kuwonjezera zina. Anakankhirana choncho mpaka foni ya kukhoma inalira kuti nthawi yakwana. Ali pakhomo anatembenuka, foni ija n'kufunsa mosangalala chifukwa chimene iye walipira kuposa mtengo wolembedwa m'Chijapani panja. Kohaku analemba kuti sakudziwa.

Atachoka ameneyo kunabwera ena, a ku Taiwan, a ku Australia, mnyamata wina wa ku France amene analira osanena chifukwa. Sanali oipa kuposa amuna a kwawo, sanalinso abwino kuposa. Ena ankanenerera mtengo ngati ali pamsika wa nsomba, ena ankafuna kujambula, ena ankadabwa kuti nthawi ikakwana yakwanadi. Chipinda chake chinafunda. A Kurosu anayamba kumupatsa moni iwo poyamba. Msana unkamupweteka mpaka ankakwera masitepe a pa siteshoni ya Minowa atagwira chitsulo, ndipo kunyumba ankafika n'kudya mpunga wogula m'sitolo ataimirira, osavula ngakhale khoti. Ntchito inapulumuka. Koma tsiku la penshoni linkayandikira, ndipo iye ankaliopa.

Anakonza mawu. Ankawabwereza m'sitima, ankawabwereza akutsuka bafa. Adzawauza a Sagara kuti sanafune, kuti anachita kusankha pakati pa kandege ndi msewu, kuti pa msinkhu wake palibe nyumba ina ingamulandire. Akadzakwiya adzawalola akwiye. Mkwiyowo ankaufunanso pang'ono, kunena zoona, poti munthu sakwiyira chinthu chimene alibe nacho ntchito. Chimene sankatha kupirira ndi kuganiza kuti adzatsegula buku lija, adzaona kandege, n'kulitseka mwakachetechete n'kutuluka, kapena kuloza Rinka.

Tsikulo linafika kukugwa mvula yowaza. Kohaku anapempha a Kurosu kuti asamuikire mlendo m'mawa wonse, ndipo iwo anavomera monyinyirika. A Sagara ankakonda kufika chitseko chikangotsegulidwa. Chinatsegulidwa, iwo osaoneka. Rinka anaitanidwa, anakwera, anatsika, anaitanidwanso. Kohaku anakhala ndi bulangete lake akuyang'ana foni ya kukhoma, akudzitukwana kuti mayi wamkulu ngati iye akunjenjemerera dala wa mawondo ofooka. Chakumasana foniyo inalira. A Sagara afika, anatero a Kurosu, ndipo aitana inu.

Anatsika, anagwada, katani ya pansi pa masitepe inatsegulidwa. Anali iwo ndi kajekete kawo kotuwa, mapewa atanyowa, kathumba ka timakeke m'manja. Ankamwetulira. Anapepesa kuti achedwa, ku banki kunali mzere wa nkhalamba zokhazokha, aliyense akuiwala nambala yake yachinsinsi. Kohaku anawagwira dzanja n'kukwera nawo pang'onopang'ono, sitepe imodzi imodzi. Mwina sanatsegule bukulo, anaganiza, poti munthu wodziwa amene akufuna alibe chifukwa cholitsegulira.

M'chipinda anawavula jekete n'kuipachika, anawavula masokosi n'kuwapinda. A Sagara anakhala pamphepete pa bedi akusisita bondo.

"Ndakaona kandege kako," anatero.

Kohaku anagwada pamaso pawo, manja pamawondo. Anayamba mawu ake aja, kuti sanafune, kuti a Kurosu anamuika pakona. Sanafike ngakhale pakati. A Sagara anali akuseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola.

"Iwe, usiye zimenezo. Ndamufunsa Kurosu pansipa kuti azungu akewo akulipira zingati. Ukudziwa? Kawiri. Kawiri, mwanawe, pa iwe yemweyu." Anamenya bondo lawo lopwetekalo. "Ndiye kuti ineyo zaka zonsezi ndakhala ndikukupeza pa theka. Ndimadziona ngati wopusa ndi kapenshoni kangaka, kani wochenjera ndine."

Anapitiriza, atasangalala kuposa mmene Kohaku anawaonerapo. Adzakawauza anzawo a ku bafa ya anthu onse ya m'dera lawo, amene ankawaseka kuti amataya ndalama pa mayi wachikulire. Adzaone tsopano, mayi wachikulireyo anthu akumukwerera ndege. Anamufunsa ngati walemera, ngati wayamba kudya nyama yodula ya ng'ombe ya ku Kobe. Kohaku anati pang'ono. Anayang'ana nkhope yawo kufunafuna kansanje, ngakhale kakang'ono kobisala kuseri kwa nthabwala, poti amuna ena amaseka pamene zawapweteka. Anaidziwa nkhopeyo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ikanabisa kanthu akanaona. Munalibe kanthu. Munali chimwemwe cha munthu amene wagula nsomba yabwino sitolo ikutseka.

Kenako a Sagara anatsitsa mawu, n'kusendera pafupi, monga ankachitira akafuna kunena za akazi awo. Kohaku anadikira.

"Koma undiuze zoona. Kurosu ameneyu sakufuna kutikwezera nafenso? Ukangomva mphekesera undiuziretu. Mnzanga wina akuti ku Kawasaki kuli nyumba yotchipa, atsikana akenso si oipa. Ndisadzachite kudzidzimuka pa kauntala."

Kohaku anamva kutopa kumene sanakumvepo, kosachokera kumsana kapena kumiyendo. Sanakwiye. Akanakwiyira ndani, poti dalayo sananame ngakhale tsiku limodzi. Ankalipira pa kauntala, ankakwera, ankatsika nthawi ikakwana, ndipo zina zonsezo anaziwonjezera yekha Kohaku, popanda womutuma. Anaseka, kuseka kwa pantchito kumene kumatuluka kokha, n'kuwatsimikizira kuti mtengo wawo sukwera, ndipo ukadzati ukwere adzakhala woyamba kuwauza.

A Sagara anapuma mosangalala n'kuyamba kumasula mabatani a malaya, akufotokoza zoti dokotala wawasinthira mankhwala. Kohaku anadzuka atagwira bedi, anapita kukatsegula mpopi, anayesa madzi ndi chigongono. Atawakhazika pa kampando anawathira madzi paphewa, n'kuwafunsa ngati atentha mokwanira, ndi mawu omwewo amene ankafunsira wina aliyense.